Kasankhidwe ka makina a MIG onyamulika owotcherera zitsulo zochindikala

Ambiri amene amagula makina a MIG, owotcherera ndi waya wotuluka wokha kuchokera pa chiguduli, kuti aziwotcherera zitsulo zikuluzikulu amakodwa pa msampha umodzi: aona nambala yaikulu pa katoni, 250 kapena 300, basi alipira. Kufika nawo pa ntchito, awotcha mphindi ziwiri zokha, kagetsi kachenjezo kayaka, makina zii. Ena buleka ya magetsi imangogwa akangokoka tiriga ya tochi, chogwirira chimene waya amatulukira. Choopsa kwambiri ndi chachitatu: msoko umatuluka wokongola koma usanalowe m'chitsulo.

Chachitatuchi chinandichitikira ineyo. Ndinawotcherera chokokera ngolo pa chitsulo cha mamilimita 10 ndi kamakina kolembedwa 200A. Msoko unali wosalala moti ndinaujambula. Patatha sabata ziwiri mwini ngolo anabwera atanyamula chokokeracho m'manja. Chinathothoka chonse, ndipo pamene chinakhala paja mizere ya galainda inkaonekabe, kusonyeza kuti moto sunasungunule chitsulo chapansi n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndimatsata tsopano ndisanatulutse ndalama.

Zoti mukonzeretu

- Choyezera kuchindikala kwa chitsulo, vernier kapena tepi yabwino
- Pepala, cholembera ndi kakyuleta ya pafoni
- Nambala yolembedwa pa buleka ya pamalo amene mumagwirira ntchito, komanso ya pa jenereta ngati mumagwiritsa ntchito jenereta
- Zidutswa zinayi za chitsulo cha mamilimita 8 kapena 10, zotalika ngati chikhatho, zopalidwa kale
- Nyundo yaikulu ndi vayisi
- Chipewa chowotcherera cha galasi la nambala 11 kapena 12, magolovesi achikopa ndi zovala zosagwira moto msanga

Gawo 1: Dziwani chitsulo chanu chenicheni

Yendani m'malo anu ogwirira ntchito n'kuyeza zitsulo zimene munawotcherera miyezi itatu yapitayi. Lembani manambala awiri: kuchindikala kumene mumakumana nako pafupifupi tsiku lililonse, ndi kwakukulu kumene kumabwera mwa apo ndi apo. Lembaninso ngati ntchito zambiri mumagwirira m'nyumba kapena pabwalo, chifukwa mphepo idzakhudza chisankho chanu pa gawo 5.

Chenjezo: musagule makina poganizira ntchito imodzi imene mwina idzabwera chaka chamawa. Chitsulo chachikulu chobwera kamodzikamodzi mungathe kuchisema m'mphepete n'kudutsapo misoko ingapo. Makina agwirizane ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Gawo 2: Sandutsani mamilimita kukhala ma amp

Amisiri ali ndi kawerengedwe kachidule: pa chitsulo wamba, milimita imodzi imafuna ma amp pafupifupi 40 ngati mukufuna kumaliza ndi msoko umodzi. Chitsulo cha mamilimita 3 chifuna 120, cha 5 chifuna 200, cha 6 chifuna 240. Kupitirira pamenepo kawerengedweka sikagwiranso bwino, chifukwa palibe amene amawotcherera chitsulo cha mamilimita 12 ndi ma amp 480 pamanja. Chimene timachita ndi kusema m'mphepete mwa zitsulo ziwirizo kuti zikakumana zipange V wa madigiri pafupifupi 60, kusiya kampata ka mamilimita 2 kapena 3 pansi, n'kudzaza ndi misoko ingapo pa ma amp a pakati pa 220 ndi 300.

Tanthauzo lake n'lakuti amene ntchito yake yambiri ndi ya mamilimita 6 mpaka 12 afunika makina okhoza kukhala pa 220 mpaka 250 kwa nthawi yaitali osapuma pafupipafupi. Mawu akuti "kukhala" ndi amene akutifikitsa pa gawo lofunika kuposa onse.

Gawo 3: Siyani katoni, werengani kachikwangwani

Makina alionse olongosoka amakhala ndi kachikwangwani kumbuyo kapena pansi, kokhala ndi timabokosi ta manambala. Tembenuzani makinawo mukaone. Ngati kachikwangwaniko palibe, zokambirana zathera pomwepo.

Fufuzani mzere woyamba ndi chilembo X. Umenewo ndi wa duty cycle, kutanthauza gawo la mphindi 10 limene makina angawotche asanatenthe n'kudzizimitsa. Pansi pake pali mzere wa I2, wosonyeza ma amp. Mukaona 60% pamwamba ndi 250A pansi pake, ndiye kuti makinawo awotcha mphindi 6 pa ma amp 250, kenako apume mphindi 4 fani ikuzungulira. Mukaona 20% pamwamba pa 200A, mphindi zowotcha ndi ziwiri zokha, zisanu ndi zitatu mukhala mutagwira m'chiuno.

Kamakina kanga kaja kanali ka mtundu wachiwiriwu. Makina a 200A pa 20% amatha kuwotcha osapuma pa ma amp pafupifupi 90 okha, pamene a 250A pa 60% amakhala osapuma pa 190 ndi kupitirira pang'ono. Pa katoni akusiyana ndi 50 yokha, koma pa ntchito wina ndi mwana, wina ndi bambo. Ndipo vuto silithera pa kudikira. Munthu akatopa ndi makina ozimazima amatsitsa moto kuti asamazime, ndipo apo m'pamene msoko umayamba kungokhala pamwamba pa chitsulo.

Onaninso kutentha kumene anayezera. Muyezo wa IEC 60974-1, umene kawirikawiri umalembedwa pa kachikwangwani komweko, umati duty cycle iyezedwe mpweya uli pa madigiri 40. Opanga ena amayezera pa madigiri 20 kapena 25 kuti nambala ioneke yonona, ndipo makina oterowo mukawaika padzuwa sadzafika pa zimene analemba.

Pali kachinthu kena kamene ndimakonda kuyesa nako chilungamo cha wopanga. Pansi pa I2 pali mzere wa U2, wa ma volt. Pa MIG, nambala imeneyi imapezeka potenga ma amp, kuchulukitsa ndi 0.05, n'kuwonjezera 14. Pa 200A pazikhala 24V, pa 250A pazikhala 26.5V, pa 300A pazikhala 29V. Makina olembedwa 250A koma ma volt ake akuthera pa 22 sangakupatseni moto umene chitsulo chochindikala chimafuna, ngakhale waya atathamanga bwanji.

Chenjezo: pa ntchito yolemera, yang'anani nambala imene ili pansi pa 60%. Imeneyo ndiye mphamvu yeniyeni ya makinawo. Ya pa katoni ndi ya wogulitsa.

Gawo 4: Funsani khoma lanu

Makina sapanga mphamvu, amangosintha imene akulandira. Tiyeni tiwerenge. Ma amp 250 kuchulukitsa ndi 26.5V ndi ma watt 6,625 otuluka ku tochi. Mphamvu ina imatayika ngati kutentha m'kati mwa makina, choncho ku khoma akukoka pafupifupi 7,800. Pa magetsi a 230V amenewo ndi ma amp oposa 30. Soketi wamba ya 13A imapereka ma watt pafupifupi 3,000, ya 16A pafupifupi 3,700. Mukaona makina olembedwa 300A ali ndi kapulagi konga ka ketulo, dziwani kuti pali amene akunama.

Pa kachikwangwani kaja pali manambala ena awiri. I1max ndi ma amp ochuluka kwambiri amene makina amakoka moto uli pamapeto. I1eff ndi amene amakoka mukaphatikiza nthawi yowotcha ndi yopuma, ndipo ndi imene katswiri wa magetsi amagwiritsa ntchito posankha buleka ndi kukula kwa waya wa m'khoma. Jambulani manambala awiriwa mukamuonetse musanagule.

Mwachidule zimakhala chonchi. Pa magetsi wamba a m'nyumba, a single phase a 230V, makina a 200A amatheka pa mzere wa 16A koma mopumira. A 250A amafuna mzere wawowawo wa 32A. Kuyambira 300A kupita m'mwamba, ambiri amafuna three phase ya 400V. Ngati kumene mumakagwira ntchito kulibe three phase, musadzivutitse ndi makina amenewo ngakhale akhale abwino chotani.

Makina okhala ndi PFC, kachipangizo kokonza mmene amakokera magetsi, amakoka ma amp ochepa pa moto womwewo ndipo amapirira magetsi akamatsikatsika. Kwa munthu woyendayenda, ine ndimaona kuti PFC ndi yofunika kuposa sikirini yamitundumitundu.

Za jenereta: chulukitsani I1max ndi 230 kuti mupeze ma VA, muyezo wa mphamvu ya jenereta (ma VA 1,000 ndi 1 kVA), kenako muwonjezerepo theka lake. Makina okoka 34A akufuna pafupifupi 7.8 kVA, choncho jenereta ikhale ya 11 kapena 12 kVA, ndipo ikhale ndi AVR yoletsa magetsi kudumphadumpha. Makina a inverter, amakono opepuka aja, ali ndi timabodi tosachedwa kupsa. Yambani mwaliza jenereta, ikhazikike, kenako muyatse makina. Pozimitsa yambani makina.

Chenjezo: ekisitenshoni yopyapyala imadya mphamvu makina asanailandire. Gwiritsani ntchito ya waya wa 2.5 mm² pa mtunda waufupi, 4 mm² kapena kuposa pa mtunda wautali, ndipo muitambasule yonse. Yosiyidwa chokulunga pa chiguduli imatentha mpaka kusungunuka.

Gawo 5: Waya ndi gasi

Apa pali njira zitatu, ndipo makina abwino ayenera kulola zonse.

Yoyamba ndi waya wolimba, wachitsulo chokhachokha mpaka m'kati, monga ER70S-6, wofuna gasi. Msoko wake ndi waukhondo, wopanda chikhungwa chogogoda. Pa zitsulo zochindikala tengani wa 1.0 kapena 1.2 mm. Wa 0.8 ndi wa zitsulo zopyapyala. Gasi wa CO2 yekha amalowetsa moto bwino koma amamwaza timadontho tambiri. Wosakaniza argon ndi CO2 amapereka msoko wofatsa, ndipo argon akafika pa 80 peresenti kapena kuposa, makina amphamvu amatha kulowa mu spray, pamene waya sagundanso chitsulo koma amasungunukira m'mwamba n'kumatsika ngati utsi wa madzi. Phokoso limasintha kuchoka pa kuthetheka kuja n'kukhala "shiii" wosalekeza. Ndi waya wa 1.2 mm zimenezi zimayamba cha m'ma 250A ndi ma volt oyandikira 30. Spray ndi imene imalowa bwino m'chitsulo chochindikala, koma imagwira pa msoko wogona, osati wokwera khoma kapena wa pamwamba pa mutu. CO2 yekha sangakupatseni spray.

Yachiwiri ndi waya wa flux, wokhala ndi ufa woteteza msoko m'kati mwake, wosafuna gasi. Uyu ndi bwenzi la ntchito za pabwalo, chifukwa kamphepo kothamanga makilomita 8 pa ola n'kokwanira kuuluza gasi n'kusiya msoko uli timabowo ngati chisa cha mavu. Simunyamulanso botolo. Koma amatulutsa utsi wambiri, amasiya chikhungwa choyenera kuchotsa musanadutsenso msoko wina, ndipo si onse oyenera ntchito yolemera. Wolembedwa E71T-GS ndi wa msoko umodzi wokha. E71T-11 amalola misoko ingapo, komabe opanga amamuikira malire a kuchindikala kwa chitsulo, choncho werengani pepala lake.

Yachitatu ndi waya wa flux wofunanso gasi, monga E71T-1. Amadzaza msanga ndipo amakwera khoma bwino pa moto waukulu. Opanga mafelemu olemera a zitsulo amamukonda pa chifukwa chimenechi.

Chenjezo: fufuzani ngati makina amalola kusinthanitsa + ndi −. Waya wolimba ndi E71T-1 amafuna tochi ikhale ku +. Waya ngati E71T-11 amafuna tochi ikhale ku −. Makina osasinthika akumanani ntchito za pabwalo.

Gawo 6: Tsegulani chitseko cha m'mbali

Wogulitsa adzakuonetsani mabatani akutsogolo. Inu pemphani atsegule kumene kumakhala waya.

Onani kaye malo ake. Chiguduli cha waya cha makilogalamu 5 chimakhala cha mamilimita 200 m'mimba mwake, cha makilogalamu 15 ndi cha 300. Pa moto waukulu makilogalamu 5 satenga nthawi, ndipo waya wa 1.2 mm amapezeka kwambiri pa chiguduli chachikulu. Kenako onani timawilo tokankha waya. Tiwiri n'tokwanira pa waya wa 0.8 ndi tochi yaifupi, koma pa 1.2 mm ndi waya wa flux, tinayi timakankha mosaterereka ndiponso mosaphwanya waya. Gogodani chimango chimene chagwira timawiloto: chikhale chachitsulo, chapulasitiki chimapindika mukamanga. Funsani ngati timawilo tosinthira timapezeka. Ta ngalande ya V ndi ta waya wolimba, tamanomano ndi ta waya wa flux.

Waya akamayenda modukiza, moto nawo umadukiza, ndipo palibe batani limene lingakonze zimenezo.

Gawo 7: Tochi ndi zingwe

Apa m'pamene opanga amabisira kuumira kwawo. Makina a 250A amatha kubwera ndi tochi ya gulu la MB15, imene malire ake ndi 180A pa CO2 ndi 150A pa gasi wosakaniza. Ya MB25 imafika 230A pa CO2 ndi 200A pa wosakaniza. Pa ntchito ya 250 kupita m'mwamba mufunika ya gulu la MB36. Tochi yochepa imatentha mpaka kulephera kuigwira, ndipo kansonga kake kamkuwa kamamatirira waya. Sankhani makina okhala ndi polumikizira tochi pa mtundu wa Euro, pofanana pa makina ambiri, kuti muzitha kusintha tochi mosavuta. Ya mamita 3 kapena 4 ndi yabwino, yaitali kuposa apo imavutitsa waya.

Chingwe cha earth, chimene mumapana pa chitsulo chowotchereracho, chikhale cha 35 mm² kapena kuposa. Chinyamuleni: chikapepuka modabwitsa, mwina m'kati ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa. Chopanira chake chikakhala cha kachitsulo kopyapyala, konzekerani kugula china tsiku lomwelo.

Gawo 8: Kunyamulika

Makina akale a thiransifoma a 250A amalemera moti amayendera mawilo. A inverter a mphamvu yomweyo ambiri ali cha m'ma 15 mpaka 30 makilogalamu. Onjezanipo waya wa makilogalamu 15, tochi, zingwe ndi botolo la gasi, muone ngati zingakwere masitepe ndi munthu mmodzi. Yang'ananinso chizindikiro cha IP, chosonyeza mmene makina atetezedwera ku madzi ndi zinthu zolowa m'kati: IP21S ndi ya m'nyumba, IP23S ndi yolola ntchito za panja, ngakhale kuti palibe makina oyenera kuwotchera pamvula. Amene amagwira ntchito pamwamba pa zimango angaganizire makina a zigawo ziwiri, gwero la moto kukhala pansi, kabokosi kokankha waya kukwera naye.

Gawo 9: Thyolani msoko musanalipire

Tengani zidutswa zanu zija. Imikani chimodzi pakati pa chinzake kuti zipange T, n'kuwotcherera mbali imodzi yokha, pa moto umene mudzagwiritse ntchito masiku onse. Mvetserani phokoso, likhale lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pitirizani pa zidutswa zina kwa mphindi zinayi kapena zisanu, mukuyang'ana kagetsi ka kutentha, kenako khudzani chogwirira cha tochi ndi chingwe cha earth.

T uja akazizira, mangani chidutswa chapansi pa vayisi n'kumenya choimiriracho ndi nyundo kuchokera mbali yosawotcherera, kuti chigwere pamwamba pa msoko. Menyani mpaka chithyoke, ndipo muyang'anitsitse pothyokapo. Msoko wabwino umavuta kuthyola, umang'ambika pakati pake, ndipo pothyokapo pamakhala potuwa, pokhakhala, mpaka pa ngodya penipeni pamene zitsulo ziwiri zinakumana. M'mphepete mwa chitsulo mumaoneka kuti munadyedwa ndi moto. Woipa umasupuka ngati nkhanambo: mphepete mwa chitsulo mumatsala mowongoka, mowala, mmene munadulidwira. Mukaona zotere kwezani moto muyesenso. Ngati mabatani afika pamapeto koma mphepete mukuonekabe, makinawo si a ntchito yanu.

Wogulitsa akakana kuti muyese, funsani mmisiri amene ali nawo kale ofanana nawo. Funsaninso za timansonga, liner (kapaipi koyendamo waya m'kati mwa tochi), ndi amene amakonza mabodi ake akapsa.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kukhulupirira synergic mwachimbulimbuli. Makina a synergic amadzisankhira ma volt ndi liwiro la waya mukawauza kuchindikala kwa chitsulo, mtundu wa waya ndi gasi. Ndi poyambira pabwino, koma sadziwa kuti magetsi anu atsika kapena kuti msoko ndi wokwera khoma. Gulani olola kusintha pamanja.

Kuwotcherera pa dzimbiri, penti kapena khungu lakuda la chitsulo chatsopano. Waya wolimba sakhululuka mmene amakhululukira ma rodi. Palani mpaka pawale, ndi pomwe mupanire earth pomwe.

Kutsegula gasi kwambiri poganiza kuti ateteza bwino. Malita 12 mpaka 15 pa mphindi n'ngokwanira m'nyumba. Wochulukitsa amavundula mpweya n'kuulowetsa mu msoko.

Kutalikitsa waya kuchoka pa kansonga. Pa waya wolimba, mamilimita 10 mpaka 15 ndi abwino pa moto wamba, pafupifupi 20 pa spray. Mukatalikitsa, ma amp amatsika okha ngakhale simunakhudze batani.

Kuyamba pa chitsulo chozizira chochindikala kwambiri. Kuyambira mamilimita 20 kapena 25, chitsulo chimamwa kutentha msanga ndipo msoko umatha kung'aluka pambuyo pake. Chitenthetseni kaye ndi lawi.

Kuiwala mapapo ndi khungu. Moto wa 250A umapsereza khungu losaphimba m'mphindi zochepa. Chitsulo chopakidwa zinki chimatulutsa utsi woyera wodwalitsa, choncho palani zinkiyo ndipo mpweya uziyenda. Musatsuke chitsulo ndi mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi kolorini, chifukwa akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wakupha.

Kuzimitsa makina kagetsi ka kutentha kakangoyaka. Mukatero mwaimitsa fani imene ikuwaziziritsa. Asiyeni oyaka, ikani tochi pansi, mugogode chikhungwa kapena mupale chidutswa chotsatira mpaka kagetsiko kazime kokha.